Namondwe akadutsa magetsi amabwerera bwanji, nanga ifeyo tizikonzeka motani

Funso limene ndimalimva kwambiri namondwe akangodutsa ndi ili: zatheka bwanji kuti kutsidya kwa msewu magetsi anayaka dzulo koma kuno kwathu tikadali mumdima, lero tsiku lachinayi? Ndiye pamenepo nkhani zimayamba, ena amati kumeneko kumakhala bwana winawake, ena amati anyamata aja anapatsidwa kangachepe, ndipo ine sindiwada anthu oyankhula choncho chifukwa ndiwo zikamaola mufiliji, foni yathima, mwana akulira ndi udzudzu, mtima sufuna kumva za mawaya ayi. Koma nkhaniyi ili ndi mutu wake, ndipo mukaimvetsa mudziwa kuti ndi masiku angati amene muyenera kudzidalira nokha, komanso mudziwa zinthu zina zimene mukachita mutha kupha munthu inu osadziwa nkomwe. Nchifukwa chake ndati ndilembe mofatsa mitambo isanayambe kuda.

Chimene ku America ndi ku Caribbean amati hurricane, ku Japan ndi ku Philippines amati typhoon, kuno kumbali ya nyanja ya Indian amati cyclone, ife timati namondwe, koma chinthucho ndi chimodzimodzi, chimphepo chozungulira chimene chimabadwira pamwamba pa nyanja yofunda. Nyengo yake kuno ndi kuyambira November mpaka April, ndipo miyezi imene yatiliza kwambiri ndi January ndi March. Kusiyana kulipo nkwakuti anzathu a ku Beira kapena Quelimane ku Mozambique amalandira mphepo ikungochoka panyanja ili ndi mphamvu zake zonse, pamene ife poti tili mkati namondwe amatipeza mphepo itachepako koma atasenza chimvula chosaneneka. Ndiye kwa ife chimene chimathimitsa magetsi kwambiri ndi madzi, matope, zinyalala ndi mitengo yogwa, mphepo imangomalizitsa.

Takumbukirani namondwe Ana, pa 24 January 2022. Madzi a mu Shire anagumula mbali ina ya damu la ku Kapichira ku Chikwawa, damu nkulephera kusunga madzi opita kumakina, basi ma megawati pafupifupi 130 anapita usiku umodzi, ndipo amenewo anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse ochokera kumadzi m'dziko muno. Kuti Kapichira iyambenso kugwira ntchito panadutsa nthawi yoposa chaka, ndipo kuthimathima kwa magetsi kwa 2022 kuja, kumene ometa, owotcherera ndi a zigayo sadzakuiwala, gwero lake lalikulu linali pamenepo. Kenako Freddy mu March 2023, namondwe amene anabadwira kufupi ndi Australia, nkuwoloka nyanja yonse, kumenya Madagascar, kulowa Mozambique, kubwereranso panyanja, kenako kudzalowanso chakufupi ndi Quelimane pa 11 March nkukwera kwathu kuno. Anakhala moyo masiku 36, palibenso namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chonchi. Za ku Chilobwe, Soche, Mulanje ndi Phalombe sindikufuna kuzikumba kwambiri, mabala ake sanapole, anthu mazanamazana anapita ndipo ena sanapezeke mpaka lero. Koma kumbali ya magetsi, masiku amenewo EGENCO, kampani yopanga magetsi, inazimitsa makina ake akuluakulu a pa Shire pofuna kuwateteza, ndipo dziko lonse linalowa mumdima, ngakhale a ku Mzuzu amene analibe matope pakhomo.

Apa ndiye pofunika kumvetsa mmene magetsi amayendera. Ganizirani mtengo. Mizu ndi masiteshoni opanga magetsi, ndipo kwa ife mizu yambiri ili mumtsinje umodzi wokha, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Kuli ina ing'onoing'ono ngati Wovwe ku Karonga, kulinso sola ya ku Salima ya ma megawati 60 ndi ya ku Golomoti ya 20, koma msana weniweni ndi Shire. Kuyambira 2017 opanga magetsi ambiriwa ndi EGENCO, pamene ESCOM ndi imene imawanyamula nkuwagawa mpaka pa mita yanu, ndiye mukamva kuti vuto lili kumakina ndi ena, mukamva kuti polo lagwa ndi enanso. Thunthu la mtengo uja ndi mawaya akuluakulu a pa nsanja zachitsulo aja, a 66, 132 ndi 400 kV (kV imodzi ndi mavoti 1,000), ngati layini yochoka ku Phombeya ku Balaka kupita ku Nkhoma. Nthambi zikuluzikulu ndi masabusiteshoni ndi malayini a 33 ndi 11 kV amene amayenda m'mbali mwa misewu. Tinthambi ting'onoting'ono ndi thiransifoma ya m'dera lanu ija, imene imatsitsa mphamvu kufika pa mavoti 230 (230 V). Tsamba ndi kawaya kochoka pa polo kulowa m'nyumba mwanu. Inuyo ndinu tsamba, ine ndine tsamba, ndipo tsamba silingaphuke thunthu lili lodulidwa, olo mutalithirira bwanji.

Anthu ambiri amadabwa kuti magetsi athu ndi a madzi, nde madzi akachuluka bwanji amathimanso? Nkhani ndi zimene madziwo anyamula. Shire akasefukira amabwera ndi zipika, nthochi zozuka, mapesi, namasupuni, mapulasitiki, matope ndi mchenga, zonsezo zimadzatseka zisefa zachitsulo za polowera madzi. Madzi akamalowa ochepa makina amayamba kutsamwa, ndipo mchenga ukalowa umadya zitsulo zozungulira zija ngati fayilo. Makina amenewo si oti mungakagule ku Limbe, akawonongeka ndi miyezi kapena zaka kudikira zipangizo zochoka kunja. Ndiye mainjiniya amasankha kuzimitsa dala, kuchotsa zinyalala, kudikira madzi atsikeko. Ineyo pamenepa ndimawavomereza ndi mtima wonse, bola mdima wa masiku awiri kusiyana ndi Kapichira wina.

Tsopano tinene kuti dziko lonse lathima. Kuyatsanso si kungodina switchi ayi. Siteshoni yopanga magetsi nayonso imafuna magetsi kuti idzuke, mapampu a oyilo, zitseko za madzi, makompyuta oyang'anira, zonsezo zimadya magetsi. Ndiye amayamba ndi jenereta ya dizilo pasiteshoni pompo, kudzutsa makina amodzi, makina amenewo nkudzutsa anzake, ndi zimene akatswiri amati black start, ndipo mwayi wake masiteshoni a madzi amadzuka msanga kuposa a malasha. Akatero amapatsa moto layini imodzi yaikulu, kenako sabusiteshoni imodzi, nkumawonjezera madera pang'onopang'ono. Chifukwa chochitira pang'onopang'ono ndi ichi: magetsi opangidwa ndi magetsi odyedwa ayenera kufanana sekondi iliyonse, makina azizungulira pa liwiro losasintha lopereka magetsi a 50 Hz. Zili ngati wa kabaza akukwera chitunda, mukamuponyera matumba atatu a chimanga nthawi imodzi njinga iima nkugwa, komanso katundu akagwa mwadzidzidzi iye akupalasa mwamphamvu miyendo ithamanga mopanda pake. Makina nawo katundu akachuluka kapena kuchepa mwadzidzidzi amadziteteza, amadzizimitsa okha, basi kuyambiranso pachiyambi. Ndi chifukwa chake nthawi zina magetsi amabwera mphindi khumi, ana akuwa mumsewu kuti abwera abwera, kenako phii athimanso.

Ndipo apa ife tili ndi mbali yathu. Magetsi akakhala atathima nthawi yaitali, mafiliji onse afunda, magiza onse azizira, makuka ndi ma hotplate anasiyidwa choyatsa, mapampu akudikira, nde akangobwera zonsezo zimakoka nthawi imodzi, katundu wake amaposa wa tsiku wamba kutalitali, fyuzi ya pa thiransifoma nkupsa, dera lonse kubwerera mumdima chifukwa cha ife eni. Magetsi akathima zimitsani zonse pakhoma, siyani babu limodzi lokha loti likuuzeni kuti abwera.

Kunja kukacha, mphepo itaphwa, ntchito yoyamba si kulumikiza ayi, ndi kuzimitsa ndi kuyendera. Palibe amene angakwere polo mphepo ikuwomba ndi mphezi zikung'anima, nde maola oyamba aja mukamaona ngati palibe chikuchitika dziwani kuti akudikira kuti kukhale kotheka. Kenako amayenda ndi layini, pena pagalimoto pena wapansi, kuwerenga mapolo ogwa, mathiransifoma omira, nsanja zokokoloka, ndipo paliponse pamene waya wagona pansi amayamba adula moto kuti asaphe munthu. Akadziwa kukula kwa vuto mpamene amagawa anthu ndi zipangizo. Amayamba ndi thunthu, kenako masabusiteshoni, kenako malayini opita ku zipatala zikuluzikulu, kopopera madzi ndi malo ena oti akaima anthu afa. Tengani Blantyre, madzi ambiri a mumzindawu amapopedwa kuchoka ku Walker's Ferry pa Shire kukwera mtunda wonse uja, ndipo mapampu amenewo ndi a magetsi, nde magetsi akapita mipope imauma pasanathe nthawi. Mukaona kuti layini ya kumeneko yakonzedwa inu musanayatsiridwe, akuthandizani inu nomwe. Ndipo amene ali pa layini imodzi ndi chipatala amadyera nawo mwayi, osati poti ndi apamwamba koma poti waya wawo ndi womwewo.

Zikatha zimenezo lamulo lake ndi losavuta ngakhale limawawa: amayamba kukonza pamene ntchito imodzi iyatsire anthu ambiri. Ngati gulu limodzi la anyamata lili ndi tsiku limodzi, ndipo pali polo limene likadzutsidwa nyumba zikwi ziwiri ziyaka, kwinaku pali kawaya ka nyumba zitatu, apita ku polo lija, ndipo inu mutakhala kapitawo mungachitenso chimodzimodzi. Nyumba imodziimodzi imabwera kumapeto.

Nde tibwerere ku funso lija la kutsidya kwa msewu. Nthawi zambiri yankho ndi lakuti iwo ali pa layini ina kapena thiransifoma ina, msewu womwewo koma nthambi zosiyana. Pena thiransifoma ndi imodzi koma magetsi amatuluka m'mafezi atatu, kunena kuti mawaya atatu a moto osiyana, nyumba zinagawidwa m'mafezi amenewo, fyuzi ya fezi imodzi ikapsa mumaona nyumba iyi yayaka, yotsatira mdima, inayo yayaka. Pena vuto ndi kawaya kanu komwe, nthambi ya mango inakagwera usiku. Ndipo ichi anthu ambiri sadziwa: kuchipinda choyang'anira amaona malayini akuluakulu akathima, koma nyumba yanu saiona. Mukangokhala nkumati akudziwa kale, mwina sakudziwa. Imbani ku faults, ofesi ya ESCOM yolandira malipoti a zowonongeka, perekani nambala ya mita, nenani malo momveka bwino, pafupi ndi tchalitchi chakuti, kuseri kwa chigayo chakuti, ndipo nenani chimene mwaona ndi maso, kaya ndi waya woduka, kaya polo lapendekeka, kaya munamva kuphulika pa thiransifoma cha m'ma 2 koloko usiku. Uthenga wotere umawapulumutsira maola oyenda nkumafufuza.

Ntchito yokhayo si yamasewera. Dothi likakhuta madzi polo limazuka ngati chinangwa, ndipo kuti adzutse lina ayenera kukumba dzenje limene likudzaza madzi iwo akukumba. Mlatho ukakokoloka galimoto ya kireni sifika, polo lalitali lija amalinyamula pamapewa anthu khumi ndi kuposa, kutsetsereka m'matope. Thiransifoma imene yalowa madzi sangangoiyatsa, ayenera kuyeza oyilo wake, kuiumitsa kapena kuisintha, ndipo mathiransifoma osungira sakhala mulu, makamaka poti ena amakhala atapita kale kukalowa m'malo mwa amene akuba anawaphwasula kufuna kopa ndi oyilo. Za akubazi zimandipweteka kwambiri, chifukwa nthawi ya mdima ndi imene amapezerapo mpata, waya alibe moto nde amadula mosaopa, anyamata akabwera kudzalumikiza apeza palibe cholumikiza. Mudzi umene ukulondera thiransifoma yake nthawi ya namondwe ukudzifupikitsira mdima wokha.

Musaganize kuti kuchedwa kotere ndi kwa ife osauka okha. Namondwe Idai atamenya Beira pakati pa March 2019 mzinda wonse unathima, msewu waukulu wolowera mumzindamo unaduka ndi madzi, a EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, nkumavutika ngakhale kufikitsa zipangizo. Ku New Orleans, hurricane Ida mu August 2021 anagwetsa malayini onse asanu ndi atatu akuluakulu olowetsa magetsi mumzinda, mzinda wa ku America wonse bii. Ku Puerto Rico, hurricane Maria anamenya pa 20 September 2017 ndipo ena anadikira pafupifupi miyezi 11 kuti aonenso babu likuyaka. Chimene a ku America ali nacho choposa ife ndi mgwirizano wa makampani, namondwe asanafike magalimoto ndi amisiri ochoka m'zigawo zina amakhala atafika kale pafupi, akungodikira mphepo idutse. Puerto Rico poti ndi chilumba thandizo lotere linavuta kufika, ndipo ife mbali imeneyi tikufanana nawo pang'ono, amisiri ndi omwewo, magalimoto ndi omwewo, zigawo zonse zikuitana nthawi imodzi.

Ndiye poti ndife tsamba, tiyeni tikonzekere ngati anthu oti tikhala masiku atatu mpaka sabata tokha. A zanyengo masiku ano amachenjeza kukadali masiku angapo, pa wailesi ndi pa Facebook pomwe, ndipo a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amanena madera oti anthu asamuke. Mukamva chenjezo chinthu choyamba kwa ine si tochi ayi, ndi chigayo. Pitani mukagayitse, chifukwa magetsi akapita chimanga chili m'thumba koma ufa mulibe, mudzayenda mitunda kusaka chigayo cha dizilo ndipo mzere wake mukaupeza mudzalira. Chachiwiri madzi, dzazani ndowa, zigubu, mabafa, mapoto, chilichonse chotsuka bwino nkuvindikira, akumwa padera osamba ndi a kuchimbudzi padera. Madzi akumwa thirani WaterGuard kapena muwiritse, musanyozere, kolera yoopsa ija ya 2022 mpaka 2023 inayamba anamondwe atangodutsa kumene, zimbudzi zitagumuka nkusakanikirana ndi zitsime.

Kenako ndalama ndi mayunitsi. Netiweki nayo imadalira magetsi, nsanja za mafoni zili ndi mabatire ndi majenereta koma dizilo akatha msewu uli woduka zimagona, ndiye Airtel Money kapena Mpamba yanu ikhala ndi ndalama zoti simungazigwire, ATM nayonso chimodzimodzi. Tapani kandalama kapamanja, kosinthasintha. Gulani mayunitsi nkuwalowetseratu mu mita, chifukwa zimachitika kuti magetsi abwera dera lonse koma inu mita ili pa ziro ndipo netiweki yogulira palibe. Tchajani mafoni onse, pawabanki, tochi, ndipo kafoni kamabatani kaja musakataye, batire yake imatha masiku ndipo kali ndi wailesi ndi tochi komwe. Amene muli ndi galimoto kapena njinga yamoto thirani mafuta, mapampu a pa filling station ndi amagetsi. Makala ndi nkhuni ikani pouma. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, ma ARV, onani kuti atsala a masiku angati nkukatengeratu, ndipo a insulin funsani kuchipatala mmene mungasungire filiji ikathima, musadikire kuti muzidzafunsa aneba usiku. Ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi kulungani m'pulasitiki muike pamwamba.

Za filiji pali manambala oti muwasunge. Filiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 okha. Fulizala yodzaza imatha kufika maola 48, yodzaza theka maola 24, koma ngati simukutsegulatsegula. Ndiye chenjezo likamveka dzazani mabotolo a madzi muike mufulizala aume, amathandiza kusunga kuzizira ndipo akasungunuka ndi madzi akumwa. Nyama ndi nsomba zikayamba kusungunuka musadikire, phikani, wambani, futsani monga ankachitira agogo athu, gawanani ndi aneba. Chimene chafunda kwa maola ambiri nkuyamba kununkha mwachilendo tayani, ndikudziwa kuti ndalama zikuvuta ndipo kutaya nkhuku kumawawa, koma kutsegula m'mimba nthawi imene msewu wa kuchipatala waduka ndi nkhani ina.

Mitengo yoyandikira mawaya ndi yofunika kuisadzira mvula isanayambe, koma ngati nthambi zili pafupi ndi waya musakwere nokha ndi chikwanje, kawauzeni eni mawaya adzazimitse kaye. Malata olendewera khomererani, lata louluka limadula waya ngati mpeni. A sola onani kuti mapanelo amangidwa zolimba padenga, ndipo batire ndi invetala zikhale pamwamba pomwe madzi sangafike.

Tsopano mbali imene ndikufuna muiwerenge kawiri. Jenereta. Pali anthu amene magetsi akathima amatenga waya wa mapulagi mbali zonse ziwiri, kumodzi kujenereta kwinako mu soketi ya pakhoma, nyumba yonse nkuyaka, iwo nkumasangalala. Ngati main switch sinazimitsidwe, moto umenewo sumathera m'nyumbamo, umatuluka kudzera pa mita, kukwera kawaya kaja, kukafika pa thiransifoma, ndipo thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse ziwiri, imene imatsitsa 11,000 V kufika pa 230 ikalandira 230 kuchokera kumunsi imaikweza kubwerera ku 11,000. Pamenepo pali mwana wa munthu ali pa polo mtunda pang'ono kuchoka kwanu, wauzidwa kuti layini yazimitsidwa. Achimwene anga ena amene akhala zaka pa ntchito ya mawaya anandiuza kuti akafika m'dera asanagwire chilichonse amayamba aima chete nkumvetsera ngati kukulira jenereta penapake, kenako kuyeza waya, kenako kumumangirira ku dothi mbali zonse ziwiri, ndipo ngakhale atatero mtima sukhala pansi. Mmene ankafotokoza anali akuyang'ana zikhato zawo. Abale anga, ngati mukufuna jenereta idyetse nyumba yonse itanani wamagetsi wovomerezeka akuikireni changeover switch, imene imaonetsetsa kuti nyumba ili ku jenereta kapena ku layini, osati zonse ziwiri. Ngati ndalama yake palibe, lumikizani filiji ndi tchaja ku jenereta mwachindunji ndi ekisitenshoni, khoma lisiyeni.

Utsi wakenso umapha mwakachetechete. Muli mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndipo sununkha, munthu amangomva mutu, chizungulire, tulo, basi osadzukanso. Ku America hurricane akadutsa pamapezeka mabanja amene apulumuka mphepo koma nkufa ndi jenereta ya mugalaja. Iikeni panja, mamita 6 kapena kuposa kuchoka pa mawindo ndi zitseko, pansi pa kadenga koti isanyowe koma mphepo izidutsa. Ndikudziwa chimene chimapangitsa anthu kuilowetsa pakhonde kapena kukhitchini, ndi akuba, nde imangeni ndi tcheni panja pomwepo kapena izimitseni pogona. Mafuta thirani itazima ndipo itazizira. Mbaula nayo ndi chimodzimodzi, mvula ikamagwa masiku atatu osakata kumazizira ndipo mtima umafuna kulowetsa mbaula kuchipinda nkutseka mawindo, musatero chonde, makala amatulutsa mpweya womwewo. Kandulo ikani m'mbale yachitsulo kutali ndi makatani ndi neti ya udzudzu, koma ngati tochi ilipo kandulo isiyeni.

Waya wogwa pansi mutengeni kuti ali ndi moto nthawi zonse, olo dera lonse lili mumdima, olo sakuthetheka, chifukwa atha kupatsidwa moto nthawi iliyonse akamayesa layini, kapena ndi jenereta ya munthu uja. Talikirani mamita 10. Moto umayenda m'dothi lonyowa mozungulira pamene waya wagunda, nde mukazindikira kuti muli pafupi musathamange ndi mapazi otalikirana, phatikizani miyendo muzikhwekhwereza mapazi pang'onopang'ono mpaka mutatalikira. Waya akagwera galimoto muli mkati khalani momwemo muitane thandizo. Mpanda wa waya, denga la malata, chingwe choyanikira zovala, chithaphwi, zonsezi zikakhudzana ndi waya zimasanduka waya. M'mawa wina nthawi ya Freddy ndinaona waya atagona m'chithaphwi panjira yopita kumsika, ana asukulu ya mkaka atatu akubwera opanda nsapato akuponda madzi monga achitira ana, ndipo mayi ena achikulire ogulitsa tomato anasiya dengu lawo pansi, anathyola nthambi nkutchinga njira mbali zonse, kenako anaima pamenepo mvula ikuwanyowetsa chitenje chili kumutu, aliyense wobwera akumuuza kuti dzerani uko bambo, dzerani uko mwanawe. Anaima mpaka anyamata ena anabwera kudzawalandira. Sanadziwe ngati wayayo anali ndi moto kapena ayi, ndipo anachita bwino osafuna kuyesa.

Madzi akayamba kulowa m'nyumba zimitsani main switch mukadali pouma, manja ouma, mutavala nsapato za labala. Ngati kuti mufike pa switchiyo muyenera kuponda m'madzi, isiyeni, tulukani. Ndipo ngati mumakhala m'munsi mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje ndipo auza kuti samukani, za filiji ndi TV iwalani, napolo sapereka mphindi zolongedza.

Tsiku limene abwera musathamangire kuyatsa zonse. Dikirani mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu muone ngati babu lija likuyaka mokhazikika. Likamawala mopitirira muyeso kapena kuzimirira ngati kandulo, kapena mababu ena akuwala kwambiri ena pang'ono, zimitsani main switch msanga nkuimba foni, nthawi zambiri zikatero waya wa neutral waduka penapake ndipo mphamvu yosokonekera imeneyo imawotcha filiji, TV ndi matchaja nthawi imodzi. Zikakhala bwino yatsani chimodzichimodzi, filiji kaye, zotenthetsa monga giza ndi kuka pambuyo. Ngati nyumba inalowa madzi mpaka m'masoketi, kapena denga linadontha pa bokosi la mafyuzi, musayatse mpaka wamagetsi aone, khoma lonyowa limagwira ndipo matope otsalira m'soketi amayambitsa moto patapita masiku. Chipangizo chilichonse chimene chinamira chisalowe pa pulagi chisanaumitsidwe ndi kuyezedwa. Ndipo ngati aneba onse ayaka inu nokha ayi, onani kaye ma breaker anu ndi mayunitsi, kenako tulukani muyang'ane kawaya kochoka pa polo muli chapatali, mukaona kuti kaduka kapena kalendewera imbaninso ku faults munene kuti dera layaka koma nyumba yanu yatsala, chifukwa lipoti lanu loyamba lija mwina linatsekedwa limodzi ndi la dera lonse pamene anadzutsa layini.